Chiarabu Chinachokera Kuti?

Ku Kawale, ku Biwi kapena ku Chinsapo, ana akaweruka kusukulu n'kudya nkhomaliro, ena mwa iwo amatulukanso m'nyumba atasintha zovala. Anyamata avala mikanjo ndi tizisoti, atsikana afunda mipango, m'manja muli kabuku kamene amakatsegulira kumene enafe tinazolowera kuti ndi kumapeto. Akupita ku madrasa. Mukadutsa kuseri kwa mzikiti nthawi imeneyo mudzamva mawu a ana akutsatira mwalimu onse pamodzi: alifu, be, te, the. Kachala kakuyenda pa tsamba kuchokera kumanja kupita kumanzere, ndipo kakalumpha kadontho kamodzi mwalimu amabweza mzere wonse. Panja a kabaza akuimba mabelu, wachiwaya akutembenuza tchipisi, amayi akuitanira tomato.

Palibe munthu wokhala ku Area 23, ku Area 25 kapena ku Mgona amene sanamvepo Chiarabu, ngakhale atakhala kuti sanapondepo mumzikiti. Chimamudzutsa m'bandakucha pa chimkuzamawu, amachimva anzake akulonjerana pa sitolo, amachiwerenga pa khoma la butchala pamene palembedwa kuti halal. Koma mutafunsa kuti chiyankhulochi chinachokera kuti, ambiri, Asilamu ndi Akhristu omwe, angayankhe kuti chinayambira ku Makkah m'masiku a Mtumiki Muhammad. Yankholi lili ndi choona chake, pakuti popanda Qur'an Chiarabu sichikanakhazikika mu Lilongwe. Komabe Mtumiki pobadwa cha m'ma 570 anachipeza chili chokhwima kale, chili ndi alakatuli ake, miyambi yake ndi zilembo zake. Mbiri yake inali itayenda kale zaka zoposa 1,000, ndipo poilondola timafika pa miyala ya abusa a ngamira, pa manda a mfumu ndi pa khomo la tchalitchi.

Abale ake

Ziyankhulo nazo zili ndi mafuko. Chichewa, Chiyao, Chitumbuka, Chiswahili ndi Chizulu ndi mbumba imodzi, n'chifukwa chake Mmalawi akafika ku Johannesburg sachedwa kutola Chizulu. Chiarabu ndi cha fuko lina limene akatswiri amalitcha Semitic. Dzinali analifalitsa ndi Mjeremani August Ludwig von Schlözer m'chaka cha 1781, atalitenga pa Semu mwana wa Nowa. M'fukoli muli Chiheberi, chimene analembera mbali yaikulu ya Chipangano Chakale. Muli Chiaramu, chimene Yesu ankayankhula. Muli Amharic ndi Tigrinya za ku Ethiopia ndi Eritrea. Munalinso Akkadian ya ku Babulo ndi ku Asuri, imene inayamba kulembedwa pa mapale a dongo zaka pafupifupi 4,500 zapitazo ndipo inazimirira kalekale.

Ubalewu umaonekera pa mawu amene munthu sabwereka kwa mnansi. Dzanja ndi yad m'Chiarabu ndi m'Chiheberi momwe. Magazi ndi dam konsekonse. Nyumba ndi bayt kwa Mwarabu, bayit kwa Mheberi. Wina akamati salaam, mnzake amati shalom, onse akunena mtendere. Mkhristu wa ku Kawale amene amaimba za Betelehemu pa Khirisimasi akutchula bayt yomweyo, ndipo anthu okhala m'tauniyo lero amaitcha Bayt Lahm.

Chizindikiro chachikulu cha fukoli ndi mamangidwe a mawu. Ife tili ndi tsinde ngati lemb, limene timaliwonjezera zidutswa kutsogolo ndi kumbuyo n'kupeza kulemba, mlembi, chilembo, malemba. Tsinde la Chiarabu nthawi zambiri limakhala makonsonanti atatu okha, ndipo mavawelo amalowa pakati pawo. K, t ndi b akunena za kulemba: kataba ndiye kuti analemba, kitab ndi buku, katib ndi mlembi, maktab ndi ofesi, maktaba ndi nyumba ya mabuku. D, r ndi s akunena za kuphunzira, ndipo m'menemo ndi mmene munatuluka madrasa. S, l ndi m anabala salaam, Islam ndi Muslim. Mwana wa ku madrasa akangogwira chinsinsi chimenechi, mawu amene ankangowaloweza amayamba kumuonekera kuti ndi apachibale.

Pali china chimene wowerenga wa kuno ayenera kuchidziwa. Fuko la Semitic ndi nthambi imodzi chabe ya banja lalikulu lotchedwa Afroasiatic, ndipo nthambi zina zonse za banjali zili mu Africa: Chihausa cha ku Nigeria ndi Niger, Chisomali, Chioromo, ziyankhulo za Aberber a kumpoto kwa Africa, ndi chiyankhulo cha Afarao a ku Egypt. Pa chifukwa chimenechi akatswiri ambiri amakhulupirira kuti kholo la banja lonseli linkayankhulidwa kumpoto chakum'mawa kwa Africa. Asomali ndi anthu a ku Ethiopia amene ali ku Dzaleka m'boma la Dowa amayankhula ziyankhulo zimene ndi asuweni a Chiarabu, ena apafupi, ena apatali.

Ngamira 1,000 ndi miyala yakuda

Aarabu, amene makolo athu ankawatcha Aluya, anasunga mbiri yawoyawo ya chiyambi cha chiyankhulo chawo. Ena amati woyamba kuyankhula Chiarabu anali Ya'rub mwana wa Qahtan ku Yemen. Amanenanso kuti Ismail mwana wa Ibrahim anachiphunzira kwa fuko la Jurhum, limene linadzakhala pafupi ndi chitsime cha Zamzam ku Makkah. Mashehe amaphunzitsa nkhani zimenezi mpaka lero, ndipo zili ndi malo ake m'mitima ya okhulupirira. Ofukula zakale amafunsa funso lina, lakuti zolembedwa zimene zinatsala pansi zikuti chiyani.

Dzina lakuti Mwarabu likuoneka koyamba pa mwala wa mfumu ya Asuri, Shalmaneser III. M'chaka cha 853 Yesu asanabadwe, mfumuyi inamenyana ndi mafumu ogwirizana pa Qarqar, m'dziko limene lero ndi Syria, ndipo inalembetsa maina a adani ake. Pa mndandandawo pali Ahabu mfumu ya Israeli, mwamuna wa Yezebeli uja. Palinso Gindibu Mwarabu, amene anabwera ndi ngamira 1,000. Mwalawo unapezeka ku Kurkh m'dziko la Turkey m'chaka cha 1861, ndipo lero uli ku British Museum ku London. Uwu ndi umboni wa dzina la anthu chabe. Mawu awo eniake anatsala pamalo ena.

Ambiri angaganize zokawafuna ku Yemen, kumene kunali maufumu olemera ngati Saba, kwawo kwa mfumukazi imene inakacheza kwa Solomoni. Kumeneko kuli zolemba zambirimbiri pa miyala yosemedwa bwino, koma chiyankhulo chake si Chiarabu, ndi m'bale wake chabe. Chiarabu chakale kwambiri chinapezeka kumpoto, m'chipululu cha miyala yakuda ya chiphalaphala chimene chimayambira kum'mwera kwa Syria, kudutsa kum'mawa kwa Jordan, mpaka kumpoto kwa Saudi Arabia. Mlendo wa ku Britain, Cyril Graham, anakopera zina mwa zolembazo m'chaka cha 1857, ndipo Mjeremani Enno Littmann anamaliza kumasulira zilembo zake mu 1901. Amazitcha Safaitic. Zolemba zoposa 30,000 zasonkhanitsidwa kale, ndipo zambiri zinalembedwa m'zaka zozungulira nthawi ya Yesu.

Olemba ake sanali mafumu kapena ansembe. Anali abusa. Munthu wakhala pa chulu cha miyala tsiku lonse kuyang'anira ngamira ndi mbuzi, watola kamwala kakuthwa, n'kuyamba kukanda pa thanthwe. Amayamba ndi dzina lake, la bambo ake, la agogo ake, ena mpaka mibadwo khumi ndi kupitirira. Kenako amanena chimene chili kumtima: kuti wadyetsa ziweto pano m'nyengo yakuti, kuti akudikira mvula, kuti akulondera adani, kuti wapeza dzina la m'bale wake amene anamwalira litalembedwa pa mwala ndipo walira. Ambiri amamaliza ndi pemphero kwa milungu yawo, makamaka Allat, kuti awateteze, ndi temberero la khungu kwa aliyense amene adzafufute zolembazo. Pambali amajambulapo ngamira, wokwera pa kavalo kapena mkango. Mizere imapita kulikonse kumene mwala walola, kumanja, kumanzere, ngakhale mozungulira. Munalibe sukulu m'chipululumo. Mwachionekere mbusa ankaphunzira zilembo kwa mbusa mnzake.

Ine ndimaona kuti mbali imeneyi ya mbiri ndiyo yokhudza mtima koposa. Chiyankhulo chimene pambuyo pake chinadzalembedwa ndi inki yagolide m'nyumba za mafumu chikuyamba kumveka m'kamwa mwa anthu osauka odera nkhawa mvula, msipu ndi maliro. Akatswiri a masiku ano monga Michael Macdonald wa ku Oxford ndi Ahmad Al-Jallad akhala akuyenda m'chipululumo kufunafuna miyala yatsopano, ndipo Al-Jallad akunena kuti m'dera limeneli, m'malire a Arabia ndi maiko a Syria ndi Jordan, ndi mmene muli umboni wakale kwambiri wa Chiarabu.

Kumene alifu anachokera

Zilembo za abusa aja si zimene ana akuphunzira ku Biwi. Zija zinafa. Za lero zinadzera kwa anthu ena, Anabatiya, amalonda a lubani ndi mure amene likulu lawo linali Petra, mzinda wosemedwa m'matanthwe ofiira ku Jordan. Ambiri a iwo ankayankhula Chiarabu kunyumba, koma polemba ankagwiritsa ntchito Chiaramu, popeza ndicho chinali chiyankhulo cha malonda ndi boma m'dera lonselo. Aroma analanda ufumu wawo m'chaka cha 106, koma kalembedwe kawo kanapitirira. Alembi olemba ndi inki mofulumira anayamba kulumikiza zilembo osanyamula dzanja, ndipo pang'onopang'ono anthu anayamba kulemba chiyankhulo chawo chomwe ndi zilembo zobwerekazo.

Mwala wa ku Namara, kum'mwera chakum'mawa kwa Damascus, ukuonetsa kusinthaku kuli pakati. Ndi mwala wa pamanda a Imru' al-Qays mwana wa Amr, amene akutchedwa mfumu ya Aarabu onse, ndipo chaka chake ndi 328. Zilembo ndi za Anabatiya, koma chiyankhulo ndi Chiarabu. Afalansa awiri, René Dussaud ndi Frédéric Macler, anaupeza mu 1901, ndipo uli ku Louvre ku Paris. Pofika m'zaka za m'ma 500 zilembo zinali zitatenga kale maonekedwe amene mwalimu wa lero angawazindikire. Ku Zabad, pafupi ndi Aleppo, kunapezeka mwala wa pamwamba pa khomo la tchalitchi wa chaka cha 512, wolembedwa m'Chigiriki, m'Chisiriya ndi m'Chiarabu. Wina wa chaka cha 568 uli ku Harran kum'mwera kwa Syria, nawonso pa nyumba ya mapemphero ya Akhristu. Akhristu a ku Lebanon, Egypt, Iraq ndi Palestine akupempherabe m'Chiarabu mpaka pano, ndipo m'Baibulo lawo Mulungu ndi Allah.

Tikabwerera m'mbuyo kwambiri, zilembo za Chiaramu zinachokera kwa Afoinike a m'mphepete mwa nyanja ku Lebanon. Agiriki nawo anatenga zilembo zawo kwa Afoinike omwewo, Aroma n'kutengera za Agiriki, amishoni n'kudzatipatsa ife za Aroma. Chilembo choyamba chinkatchedwa alef, kutanthauza ng'ombe, ndipo mukatembenuza A kuti miyendo iloze kumwamba mudzaona mutu wa ng'ombe ndi nyanga zake. Chachiwiri chinali bet, nyumba. Kwa Agiriki zinakhala alpha ndi beta, kwa Aarabu alif ndi ba. Mwana amene m'mawa amalemba A ndi B kupulayimale, masana n'kukalemba alifu ndi be ku madrasa, akulemba zidzukulu za kholo limodzi.

Cholowachi chinali ndi vuto lake. Chiaramu chinali ndi zilembo 22, pamene Chiarabu chili ndi makonsonanti 28, ndipo kulemba kolumikiza kunachititsa kuti zilembo zina zifanane kotheratu. Tibwereranso ku vutoli.

Alakatuli ndi Buku

Ngakhale zilembo zinalipo, chuma chenicheni cha Chiarabu chinali pakamwa. Fuko lililonse linkanyadira mlakatuli wake, amene ankalitamanda, kunyoza adani ake ndi kulira akufa ake. Mlakatuli ankakhala ndi wophunzira woloweza ndakatulo zake n'kumazifalitsa. Pa msika wa pachaka wa Ukaz, pafupi ndi Taif, anthu ankagulitsa zikopa ndi nsalu kwinaku alakatuli akupikisana. Mafuko ankayankhula mosiyanasiyana, koma ndakatulo zinali ndi chiyankhulo chimodzi chapamwamba chomveka kwa onse. Zina mwa ndakatulo zotchuka za nthawiyo zinadzasonkhanitsidwa pansi pa dzina lakuti Mu'allaqat, ndipo mmodzi wa eni ake ndi Antara ibn Shaddad, msilikali wakuda amene mayi ake, Zabiba, anali kapolo wochokera ku Ethiopia. Ana a sukulu m'maiko a Aarabu amaloweza mawu ake mpaka lero.

Qur'an inabwera pakati pa anthu ozindikira kukoma kwa mawu chotere. Malinga ndi chiphunzitso cha Chisilamu, chivumbulutso chinayamba m'chaka cha 610 ndipo chinapitirira mpaka Mtumiki atamwalira mu 632. Ophunzira ake ankaloweza, ena n'kumalemba pa zikopa, pa mafupa a ngamira ndi pa nthambi za kanjedza.  M'nthawi ya Khalifa Abu Bakr, mlembi Zayd ibn Thabit anasonkhanitsa zolembazo, ndipo Khalifa Uthman, amene analamulira kuyambira 644 mpaka 656, anakhazikitsa kope limodzi n'kutumiza makope ake ku mizinda ikuluikulu. Mu 2015 University of Birmingham inalengeza kuti masamba awiri a Qur'an amene inkasunga atapimidwa anaonetsa kuti chikopa chake ndi cha pakati pa 568 ndi 645. Buku lalikulu loyamba la Chiarabu ndi limeneli, masura 114, ndipo ndilo linamanga chiyankhulocho kuti chisasunthe.

Tsopano vuto lija. Tengani be, te ndi the m'kabuku ka mwana. Zonse ndi kambale kamodzimodzi. Be ali ndi kadontho kamodzi pansi, te awiri pamwamba, the atatu pamwamba. Chotsani timadontho, zilembo zitatu zasanduka chimodzi. Makope oyambirira a Qur'an anali ndi timadontho tochepa, ndipo analibe zizindikiro za mavawelo aafupi. Kwa Mwarabu woloweza kale, zolembazo zinali zongomukumbutsa. Timadontho tina tinalipo ndithu: ku Vienna kukusungidwa lisiti la chaka cha 643, lolembedwa m'Chigiriki ndi m'Chiarabu pa pepala la gumbwa, lotsimikiza kuti asilikali a Chiarabu alandira nkhosa 65 m'tauni ina ya ku Egypt, ndipo zilembo zina m'menemo zili ndi timadontho. Koma ankaika mwa apo ndi apo.

Zinthu zinasintha Chisilamu chitafalikira. Pasanathe zaka 100 Mtumiki atamwalira, ulamuliro wa Aarabu unali utafika ku Spain kumadzulo ndi ku mtsinje wa Indus kum'mawa. Khalifa Abd al-Malik, amene analamulira kuyambira 685 mpaka 705, analamula kuti kaundula wa boma ndi ndalama zizilembedwa m'Chiarabu. Aperisi, Aberber, Aiguputo ndi ena ankafuna kuwerenga Qur'an m'chiyankhulo chimene sanayamwe, ndipo ankalakwitsa. Mbiri imati Abu al-Aswad al-Du'ali wa ku Basra, amene anamwalira cha m'ma 688, ndiye anayamba kuika timadontho tofiira tosonyeza mavawelo. Pambuyo pake al-Khalil ibn Ahmad, wobadwira ku Oman, anasintha timadonthoto kukhala timizere ndi kakhota kamene ana amakatchula kuti fatha, kasra ndi dhamma. Iyeyu analembanso dikishonale yoyamba ya Chiarabu, Kitab al-Ayn, imene anaisanja motsata kumene mawu amatulukira, kuyambira kukhosi kumalizira pa milomo.

Wophunzira wake ndiye anaposa onse. Sibawayh sanali Mwarabu. Anali Mperisi wa kufupi ndi Shiraz. Amati anayamba kulimbikira galamala atachita manyazi polakwitsa mawu pamaso pa mphunzitsi wake wa hadith, nkhani za mawu ndi zochita za Mtumiki. Anamwalira cha m'ma 796 asanakalambe, koma buku lake ndi lolemekezeka kotero kuti limangotchedwa al-Kitab, Bukulo. Akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Iye ndi anzake ankafunsa Aarabu a m'chipululu mmene amatchulira mawu, n'kumalemba. Choncho tizizindikiro tonse timene timathandiza mwana wa ku Chinsapo kuwerenga molondola tinapangidwira anthu ngati iyeyo, amene Chiarabu si chiyankhulo cha amayi awo.

Ulendo wofika kunyanja

Anthu a ku Arabia anafika m'gombe la kum'mawa kwa Africa Chisilamu chisanayambe. Buku la Chigiriki la amalinyero lotchedwa Periplus of the Erythraean Sea, lolembedwa m'zaka za pakati pa 1 ndi 100, limanena za doko la Rhapta m'gombe la Tanzania wa lero, kumene amalonda ochokera kum'mwera kwa Arabia ankakwatira akazi a komweko ndipo ankadziwa chiyankhulo chawo. Mphepo ndiyo inkalamula: kaskazi amakankhira zombo kum'mwera kuyambira cha mu Novembala, kusi amazibweza kuyambira cha mu Epulo. Wamalonda ankayenera kudikira miyezi ingapo pagombe, ndipo miyezi imeneyo inabala mabanja. Mzikiti wa ku Kizimkazi ku Zanzibar uli ndi zolemba za Chiarabu za chaka cha 1107. Ibn Battuta wa ku Morocco anafika ku Kilwa mu 1331 n'kupeza mzinda wolemera ndi golide wodzera ku Sofala. Chiswahili ndi chiyankhulo cha fuko lathu la Bantu, koma chinamwa mawu ambiri a Chiarabu, ndipo kwa zaka mazana chinkalembedwa ndi zilembo za Chiarabu. Dzina lake lomwe likuchokera ku sawahil, magombe.

Kuno kwathu Chiarabu chinalowa kwambiri m'zaka za m'ma 1800, Seyyid Said wa ku Oman atasamutsira likulu lake ku Zanzibar. Cha m'ma 1840 Salim bin Abdallah anakhazikika ku Nkhotakota n'kukhala Jumbe woyamba, ndipo zombo zake zinkawoloka nyanja kulowera njira ya ku Kilwa. Kum'mwera ndi kum'mawa kwa nyanja, mafumu a Chiyao monga Makanjila, Mataka, Mponda ndi Jalasi anali pa malonda ndi anthu a kugombe, ndipo Makanjila analowa Chisilamu cha m'ma 1870. Sitingabise kuti njira imene inabweretsa zilembo ndi yomweyo imene inatenga minyanga ya njovu ndi anthu athu ali m'magoli. Midzi inapasuka, ndipo mabala ake akadali m'mbiri za mabanja ambiri. M'njira yomweyo munadutsanso alembi ndi aphunzitsi. Mafumu ankalemberana makalata m'Chiswahili cha zilembo za Chiarabu, ndipo ana ankaphunzira pa matabwa. Shehe Abdallah bin Haji Mkwanda, amene anaphunzira ku Kilwa n'kubwerera kunyanja m'ma 1880, ndi Shehe Thabit bin Muhammad Ngaunje, anaphunzitsa ambiri amene anadzakhala mashehe. M'nthawi ya atsamunda, pamene sukulu zambiri zinali za mishoni ndipo makolo a Chisilamu ankaopa kutumizako ana awo, panali anthu amene m'kaundula wa boma ankawerengedwa kuti sadziwa kulemba chonsecho akulemba bwinobwino kuchokera kumanja.

Mawu a Chiarabu anatsala m'ziyankhulo zathu atavala zovala za kuno. Masjid anakhala msikiti ku Chiswahili, mzikiti kwa ife. Shaykh ndi shehe, mu'allim ndi mwalimu, dhikr ndi sikiri, ziyara ndi ziyala, arba'in ya tsiku la 40 pambuyo pa maliro ndi alubaini, ndipo sadaka anafika ngakhale m'midzi imene mulibe mzikiti. Fatima anasanduka Patuma, Ja'far Jafali, Tayyib Twaibu. Akatswiri ambiri amati ngakhale ndalama inachokera ku dirham, imene Aarabu nawo anaitenga ku drachma ya Agiriki. Mawu ena anazungulira ku Ulaya n'kutipeza kudzera m'Chingerezi: shuga, khofi, matiresi, magazini, ziro.

Lilongwe atakhala likulu la dziko mu 1975, anthu a ku Mangochi, Machinga, Salima ndi Nkhotakota anabwera kudzafuna ntchito ndi kudzachita malonda, atelala, ogulitsa nsomba, amisiri. Anapeza amalonda a Chimwenye ali ndi mzikiti ku Old Town, ndipo kumene anakhazikika m'malokeshoni anamangako mizikiti yawo ndi madrasa. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Asilamu ndi anthu 13.8 pa 100 alionse m'Malawi. Qur'an inamasuliridwa m'Chichewa ndi m'Chiyao, maulaliki a Lachisanu amamveka m'ziyankhulo zathu, koma mapemphero a swala amachitika m'Chiarabu.

Chiarabu chimodzi, Ziarabu zambiri

Mnyamata wa ku Area 25 amene wakhoza bwino n'kupeza mwayi wokaphunzira ku Al-Azhar ku Cairo kapena ku Madinah amakumana ndi zodabwitsa akangotsika ndege. Chiarabu cha m'kalasi, chotchedwa fusha, amachimva. Cha woyendetsa takisi chimamuphonya. Pofunsa kuti chiyani, buku limati madha, wa ku Cairo amati eh, wa ku Beirut shu, wa ku Khartoum shinu. Anthu oposa 400 miliyoni amayankhula Chiarabu, ambiri mwa iwo mu Africa muno, ndipo palibe amene amayamwa fusha. Aliyense amaiphunzira kusukulu. Fusha ndiyo ya nyuzipepala, ya nkhani za pa wailesi ndi ya United Nations, imene inavomereza Chiarabu kukhala chimodzi mwa ziyankhulo zake pa 18 Disembala 1973. Kumalire kwenikweni kuli ana amene anadziimira paokha: Chimalta, cholembedwa ndi zilembo zonga zathuzi pa chilumba cha Akatolika, ndi Chinubi cha ku Uganda ndi ku Kibera ku Nairobi.

Kwa nthawi yaitali anthu ankati ziyankhulo za mumsewuzi ndi fusha yowonongeka. Miyala ikuonetsa kuti nkhani si yophweka chotero, chifukwa kusiyanaku kunalipo kuyambira kale. Kachidutswa kaja ka al kamene timakaona kutsogolo kwa al-Kitab ndi Al-Azhar sikanali ka onse. Abusa ambiri a m'chipululu chakuda ankati ha, ena al, ndipo akatswiri a galamala a ku Basra analemba kuti mafuko ena a kum'mwera amati am. Ha inapita ndi abusa ake, al inapambana chifukwa cha ndakatulo ndi Qur'an, koma m'midzi ina ya ku Tihama, m'mphepete mwa Red Sea ku Yemen ndi ku Saudi Arabia, anthu akunenabe am mpaka lero.